Shimu ya bering'i ikamakana kukhala: zoti muyang'ane musanatsegulenso giyabokosi kachitatu

Giyabokosi yoyamba yomwe ndinamanga ndekha pakhomo ndinaitsegula ndi kuitseka kasanu sabata imodzi, ndipo vuto silinali magiya kapena masinkro ayi, zimenezo zinalowa bwinobwino tsiku loyamba lomwelo. Chinandisowetsa tulo ndi kachitsulo kopyapyala kangati washa kamene kamakhala kuseri kwa kapu ya bering'i (chitsulo chake chakunja chomwe chimakhomedwa mu kesi ya giyabokosi), shimu. Ndimati ndikayeza pulei, kampata komwe shafuti imasunthira kutsogolo ndi kumbuyo, ndikupeza 0.28 mm, ndamasula ndamanganso ndikupeza 0.19, kachitatu 0.33, shafuti yomweyomweyo, mabering'i omwewo, munthu yemweyo. Ndinangoti kakasi. Nde ndinayamba kuloza chala mashimu kuti mwina ndi olakwika, kenako geji, kawotchi koyezera pulei kotchedwa dial gauge, kuti mwina ndi yakufa, osadziwa kuti wolakwa ndi ineyo.

Chomwe ndinatolapo, ndipo ndichokhacho chomwe ndikufuna mutenge olo zina zonsezi muiwale, ndi choti manambala akamasinthasintha vuto silikhala la shimu. Shimu ndi chitsulo chabe, sinama, ikakhala 0.80 ndi 0.80 basi. Chomwe chimanama ndi kayezedwe kathu. Nde ine panopa sindisankha shimu ina iliyonse mpakana nditayeza katatu, kumasula ndi kumanganso pakati pake, ndipo manambala atatuwo asasiyane kupitirira 0.02 mm. Akasiyana kuposa pamenepo ndiye kuti pali chinachake sichinakhale pamalo pake, ntchito ndi kuchisaka chimenecho osati kumangoponyamo mashimu mwachimbulimbuli.

Timvane kaye chomwe tikufuna, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Pali mabering'i a timipira, amenewa safuna kupanikizidwa m'mbali, amangofuna kampata kakang'ono koti shafuti isamathawethawe kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kampatako amakachepetsa ndi shimu kapena sekilipu (kamphete kachitsulo kolowa mu mzere) yokhuthala mosiyanasiyana, mumasankha yokhuthala kwambiri yomwe ikulowabe mu mzere wake. Ndiye pali a marola opendekeka aja, a kapu ndi koni (koni ndi mbali yamkati yokhala pa shafuti, yomwe imanyamula marola), omwe Henry Timken anawalembetsa patenti mu 1898, amenewa ndi omwe amatizunza. Amakhala awiriawiri moyang'anana, ndipo kuyandikana kwawo ndi komwe shimu imalamulira. Pena buku limafuna pulei yaying'ono, pena limafuna preload, kutanthauza kuti pulei yatheratu ndipo mwapanikizanso pang'ono kuwonjezera apo. Difu (yogawira mphamvu ku matayala awiri) ya galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo nthawi zambiri imakhala ya preload.

Ena amafunsa kuti bwanji kupanikiza bering'i dala, si ndiye kuipha? Yankho lili pa kutentha. Kesi zambiri ndi za aluminiyamu pomwe shafuti ndi yachitsulo, ndipo aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, iyo pa mita imodzi imawonjezera cha m'ma 0.023 mm pa digiri iliyonse pomwe chitsulo cha m'ma 0.012 mm. Tengani mabering'i awiri otalikirana 200 mm, giyabokosi yatentha ndi madigiri 60, kesi yakula 0.28 mm shafuti yakula 0.14 mm, ndiye kuti pabadwa mpata wa cha m'ma 0.13 mm womwe panalibe pozizira. Mukamanga ilibe preload, ikatentha difu imayamba kugwedera mkatimo. Masamu amenewa muwasunge, tikumana nawonso pansipa.

Manambala ake enieni ali m'buku la giyabokosi yanuyo, osati ya mnzanu yofanana nayo maonekedwe, safunsa anadya phula. Mu giyabokosi imodzi yomweyo mutha kupeza shafuti yolowa ikufuna pulei, yotuluka ikufuna preload, difu preload yake ina. Ndipo yang'anitsitsani ngati bukulo likulankhula ma inchi kapena ma milimita. 0.001 inchi ndi 0.0254 mm, ndiye munthu wowerenga 0.004 inchi ngati 0.004 mm wasemphana ndi buku ka 25. Geji nayonso, ina imawerenga ma inchi koma nkhope yake yofanana ndi ya milimita, werengani timalemba tili pakatipo.

China chomwe chimapha anthu ndi kuganiza kuti shimu yokhuthala nthawi zonse imathinitsa. Zimatengera yakhala pati. Ikakhala kuseri kwa kapu, kapena kuseri kwa koni moikankhira ku kapu, kukhuthala ndiye kuthina. Koma ikakhala pansi pa mlomo wa chivundikiro chomwe chimakankha kapu, imachikweza chivundikirocho, ndiye kukhuthala ndi kukhwepa. Chimodzimodzi ikakhala pa sipesa pakati pa makoni awiri omangidwa ndi nati. Musanachite masamu ena aliwonse khalani pansi muone ndi maso kuti ndikawonjezera apa chikusunthira kuti ndi chani. Ndinaonapo munthu akuwonjezera shimu katatu akudandaula kuti pulei ikungokula, ndipo imakuladi chifukwa amaikulitsa ndi iye mwini.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze shimu ili kuseri kwa kapu, mwaikamo yoyesera ya 0.60 mm, mwamanga kesi, mwayeza pulei mwapeza 0.25. Ndiye kuti 0.85 ndi pomwe pulei ikutherapo. Ngati buku likuti preload ya 0.15, muwonjezere, shimu yanu ndi 1.00. Ngati likuti pulei ya 0.05, muchotsere, shimu yanu ndi 0.80. Manambala awa ndangopereka ngati chitsanzo, musawakopere mu giyabokosi yanu chonde. Shimu yoyeserayo ikhale yopyapyala dala kuti pulei ioneke. Mukayeza n'kupeza ziro simunadziwe kanthu, chifukwa ziro itha kukhala ziro yeniyeni komanso itha kukhala kuti mwapanikiza kale ndi 0.30, geji siiona preload. Zikatero chotsani shimuyo muike yopyapyala kuposa apo kapena muyeze opanda shimu ngati buku likulola.

Manambala akamavinavina

Choyamba kuchikayikira ndi marola. Marola a bering'i ya koni sakhazikika okha, amafuna kuzunguliridwa ali ndi kulemera pamwamba kuti aliyense afike pa mlomo wake waukulu wa koni. Mukangomanga kesi n'kuyeza pompo, ena ali m'mwamba ena ali pansi, nambala yomwe mupeze ikhala yochepa kuposa yeniyeni. Ndiye pakani kaoyilo ka giyabokosi pang'ono, osati girizi chifukwa girizi amadya mpata, kanikizani shafuti pansi mukuizunguza uku ndi uku mwina ka 10 kapena kupitirira, ikani geji pa ziro, kenako kokerani m'mwamba mukuizunguzabe pang'onopang'ono mpaka singano itasiya kukwera. Ndipo muwerenge shafuti itabwerera pamalo pomwe munaikira ziro, chongani ndi maka, chifukwa mutu wa shafuti sukhala wosalala ndendende. Difu imalemera, kuinyamula ndi zala ziwiri mudzangoona theka la pulei, pamafunika chogwirira chabwino kapena tizitsulo tiwiri tonyamulira mbali zonse mofanana.

Chachiwiri, ndipo changa chija chinali chimenechi, kapu sinafike pansi. Nditatopa ndinaikhoma kapu ija kuichotsa, ndikuunika ndi tochi mu dzenje lake, pakona penipeni panali kachidutswa ka silikoni wakale kouma, kochepa ngati chikhadabo chodula, ndipo pambali pake kamlomo ka aluminiyamu kotukuka pomwe panchi inaterereka nthawi yomwe ndimachotsa kapu yakale. Nthawi iliyonse ndikamanga mabawuti kapu imatsikako pang'ono n'kupendekeka mwina, nchifukwa chake manambala amavina. Ndinapala kamlomoko ndi kafayilo kosalala, ndikupukuta mpaka nsalu yoyera kutuluka yoyera, ndikukhomanso. Kapu ikafika pansi kulira kwa hamala kumasintha, kumachoka kwa phwa phwa kufika kolimba kwa ngwe ngwe, khutu limamva ndithu. Koma musadalire khutu lokha, tengani feeler gauge (kasamba kachitsulo koyezera mpata) yopyapyalitsitsa yomwe muli nayo muyese kuilowetsa kuseri kwa kapu malo onse omwe mungafikire, komanso shimu isamazungulire ndi chala. Ikamazungulira kapu idakali m'mwamba. Nditakonza zimenezi ndinapeza 0.41, 0.42, 0.41. Taonani kusiyana kwake ndi 0.19 uja, ndikanakhulupirira imeneyo ndikanamanga giyabokosi yogwedera ndikumadzitama kuti ili ndi preload.

Koni nayo pa shafuti ndi chimodzimodzi, iyenera kugunda phewa la shafuti popanda kuwala kudutsa pakati. Pokhoma kanikizani chitsulo chamkati chokha, osati keji yomwe imagwira marola, keji ikapindika marola amakakamira ndipo muyezo wonse wapita. Shimu ikakhala pa shafuti onaninso kuti bowo lake silikukwera pa kakona kozungulira kamene kamakhala patsinde pa phewa, ikakwera pamenepo imapindika ngati mbale n'kumachita ngati sipuling'i.

Chachitatu ndi kutentha kuja. Ambirife timatenthetsa kesi kuti kapu ilowe mosavuta, ena kapuyo amaiika kaye mu filiji, zonsezi ndi zabwino, bola bering'i yokhayo isapitirire madigiri 120 poitenthetsa chifukwa kulimba kwa chitsulo chake kumayamba kuwonongeka. Vuto ndi changu. Kapu yalowa, kesi idakali yofunda m'manja, munthu wamanga kale akuyeza. Theka limodzi la kesi lotalika 100 mm likakhala lofunda ndi madigiri 30 kuposa shafuti, lawonjezera kale 0.07 mm, ndiye mupeza pulei yambiri, musankha shimu yokhuthala, mawa mamawa zonse zitazizira shafuti sikuzungulira. Siyani zonse pamalo amodzi zizizire limodzi, mashimu ndi micrometer zomwe. Komanso kapu yolowetsedwa mu kesi yotentha pena imakwerako pang'ono pozizira, ndiye ikazizira igogodeninso kamodzi.

Chachinayi geji. Maginito sagwira pa aluminiyamu, ndiye anthu amaika sitandi ya geji pa tebulo kapena pa vaisi, mukakoka shafuti kesi yonse imanyamuka nayo, geji ikuwerenga kuvina kwa kesi osati pulei. Mangani kachitsulo kafulati pa kesi penipeni ndi bawuti imodzi, maginito akhale pamenepo, kuti kesi ikasuntha geji isunthe nayo. Mikono ya sitandi ikhale yaifupi, yaitali imawerama. Kandodo ka geji kaime mowongoka ndi shafuti osati chopendekera, ndipo kakhale kokanikizika kale ndi 1 mm kapena 2 musanaike ziro, apo ayi shafuti ikatsika kamasiyana nayo. Nsonga yake isagwere mu kabowo kapakati pa mutu wa shafuti, ikani kachitsulo kosalala pamwamba. Kuyesa kwake nkosavuta, gogodani sitandi ndi chala, singano ikapanda kubwerera pa ziro mangani bwino kaye.

Ndiye mabawuti. Ndikudziwa ulesi wake, kumanga mabawuti onse a kesi ndi torque wrench podziwa kuti mumasulanso pakangopita mphindi zochepa, munthu umangofuna kumanga anayi a m'makona. Koma kesi ya aluminiyamu imapindika, yomangidwa ndi anayi siyofanana ndi yomangidwa ndi onse. Mangani monga buku lanenera, modumphadumpha, pa torque yake, ma dowel ali m'malo mwake, nkhope ziwiri za kesi zili zoyera popanda chotsalira cha gasiketi yakale. Ndipo yezani shafuti imodzi imodzi, ina ichoke, mafoloko achoke, masili a oyilo musanaike. Mukasiya zonse mkati mano a magiya amakokana, sili imagwira shafuti, simudziwa chomwe mukuyeza.

Amene alibe dial gauge zimathekabe koma movutikira. Pa chivundikiro chafulati mutha kuika chitsulo chowongoka pamwamba n'kuyeza kuya ndi vernier, kuyeza potuluka bering'i mbali inayo, kenako kuchotsera, kungoti musaiwale kuchotsa kukhuthala kwa chitsulo chowongokacho ndi kuwerengera gasiketi. Ena amaika tizidutswa ta waya wofewa wowotcherera (solder) pamalo a shimu, malo atatu kapena anayi, kumanga, kumasula n'kuyeza mmene taphwanyikira ndi micrometer. Njira imeneyi imagwira pomwe bering'i kapena kapu ikutsetsereka mosavuta, koma pa kapu yokhoma ndi hamala ayi. Plastigauge (kaulusi kapulasitiki koyezera mpata kakaphwanyika) yobiriwira imawerenga kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm, yofiira 0.051 mpaka 0.152, ndiye pa mipata ikuluikulu sikuthandizani. Kunena chilungamo vernier wamba pa ntchito ya 0.02 mm ndi kungodzitonthoza, bwerekani geji.

Pulei yatha, nanga preload ndiiona bwanji

Shimu yeniyeni ikalowa geji ilibenso chonena, singano siyenda. Chomwe chatsala ndi kuyeza mphamvu yomwe ikufunika kuti shafuti izungulire, mabuku ambiri amapereka nambala yake mu N·m kapena ma inch-pound, ndipo 1 N·m ndi pafupifupi 8.85 inch-pound. Torque wrench yolira kuti tiki ija pano ndi yopanda ntchito, pamafunika ya singano kapena ya wotchi, yaying'ono. Ngati mulibe, kulungani chingwe pa chinthu chozungulira chomwe chili pa shafutiyo, kokani ndi kasikelo kakoloweka, kenako chulukitsani mphamvuyo ndi utali wochokera pakati pa shafuti kufika pa chingwe. Sikelo ikamawerenga 2 kg pa utali wa 50 mm, ndiye cha m'ma 1 N·m. Chingwe chisakwerane pachokha chifukwa utali uja usintha.

Apa pali misampha itatu yomwe ndinagwamo yonse. Nambala yoyambitsa kuzungulira imakhala yokwera kuposa ya pomwe ikuzungulira kale, onani kuti buku likufuna iti. Mabering'i atsopano ali ndi nambala yawo yokwera, ogwirapo kale ntchito yawo yotsika, mukamanga akale pa nambala ya atsopano mwawathinitsa mopyola. Ndipo sili ya oyilo imawonjezera kukoka kwake, ndiye yezani isanalowe kapena yezani kukoka kwa sili payokha muchotsere. Singano ikamadumphadumpha, kulimba apa kufewa apo pa kuzungulira kumodzi, imeneyo si nkhani ya kukhuthala kwa shimu, ndi kapu yopendekeka, fumbi m'marola kapena keji yopindika. Kuchepetsa shimu kungobisa matendawo.

Masamu akati 1.00 koma kuzungulira kukuonetsa kuthina kwambiri, musathamangire kukhulupirira chimodzi n'kutaya chinzake. Ziwirizi zimayenera kugwirizana, zikasemphana ndiye kuti china mwa zomwe tanena pamwambapa chachitika pakati pa kuyeza ndi kumanga komaliza, nthawi zambiri kapu sinakhale pansi ulendo wachiwiriwu, kapena shimu yapindika poilowetsa.

Mashimu enieniwo musakhulupirire nambala yolembedwa pa kapepala kake, yezani ndi micrometer malo atatu kapena anayi mozungulira, ndipo micrometer muitseke kaye muone ngati ikufika pa ziro. Shimu yakale yomwe yatuluka ndi panchi nthawi zambiri imakhala ndi mabala, pamabalapo imayeza yokhuthala kuposa mmene ilili, kenako mkati mwa galimoto imaphwanyika n'kusiya mpata. Yotere ndi yotaya. Mashimu amabwera modumpha, ambiri ndi 0.05 mm ena pang'ono kuchepera apo, ndiye nambala yanu ikagwera pakati sankhani yomwe ikukusiyani mkati mwa malire a buku, ndipo ine pa preload ndi mabering'i atsopano ndimapendekera kumtunda kwa malirewo chifukwa akayenda pang'ono amakhazikika n'kumasukako. Kusanjikiza awiri zimaloledwa mu mabuku ambiri koma musachite mulu wa asanu opyapyala, pakati pa aliwonse pamakhala kaoyilo ndi kafumbi, onse pamodzi amanama. Mukasanjikiza yezani ali pamodzi. Zodula chitini cha zakumwa kupanga shimu, aaa, zimenezo zisiyeni, chitinicho ndi chofewa, chimaphwanyika ndi kutha, preload yonse n'kupita. Zikavutitsitsa bola kutenga shimu yeniyeni yokhuthala n'kuipala pa sandipepa woyala pa galasi, mukuyendetsa ngati mukulemba 8, mukutembenuza ndi kuyeza pafupipafupi kuti isakhale yokhuthala mbali imodzi.

Kukhoma ndi kuchotsa kapu kambirimbiri kumakulitsa dzenje la aluminiyamu, kapu n'kudzayamba kuzungulira m'malo mwake. Ena amapala kunja kwa kapu yakale kuti izilowa ndi dzanja n'kumayezera imeneyo. Zimathandiza kupeza poyambira, koma kapu yakale ndi yodyeka, ndiponso kapu yokhomedwa imafinyika pang'ono ndiye koni silowa mozama ngati mu yotsetsereka ija, nambala yomaliza iyenera kuchokera pa kapu yatsopano yokhomedwa. Ndipo kapu ndi koni ndi banja, musasakanize yakale ndi yatsopano kapena za makampani awiri osiyana olo nambala ikufanana. Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi loti ndangosintha mabering'i okha, shimu yakale singabwerere? Ibwezereni ngati yoyambira koma muyezebe. Mukasintha kesi, shafuti kapena difu ndiye osafunsanso, yambani pachiyambi.

Nkhani ya gasiketi ndiikhalitse pang'ono chifukwa inandilowetsa m'mavuto pa giyabokosi yachiwiri, pomwe ndimadziona ngati katswiri. Inali ndi gasiketi yapepala pakati pa kesi ziwiri. Poyeza ndinaiika, manambala anagwirizana bwinobwino, koma pomanga komaliza gasiketi ija inang'ambika pakona, ine osafuna kudikira ina ndinangopaka silanti n'kumanga. Kapepala kameneko kanali mbali ya masamu anga, kukachotsa kesi ziwiri zinayandikana ndi kukhuthala kwake konse, ndipo zonsezo zinagwera pa mabering'i. Shafuti inkazungulira molemera m'manja, ndinamva ndithu, koma ndinadzinamiza kuti ndi masili atsopano. Sipanathe masabata awiri kulira kunayamba, potsegula marola anali atasanduka a buluu. Zimachitikanso mobwerera, giyabokosi yopangidwa kuti nkhope zigundane chitsulo kwa chitsulo ndi silanti yopyapyala ya anaerobic ngati Loctite 518 kapena 574, wina n'kuikapo gasiketi yodula yekha kapena silikoni wambiri, preload yonse yathawa. Chomwe mwayezera ndi chomwe mumangire, ndipo gasiketi yapepala muyeze itafinyika ndi mabawuti osati yatsopano ili m'manja.

Ngati mwaikweza kale m'galimoto

Yothina imadziulula msanga. Kulira kwa wiii komwe kukukwera ndi liwiro, kesi yotentha pafupi ndi bering'i moti dzanja silikhalapo mutangoyenda pang'ono, oyilo wonunkha kupsa, pena magiya kulowa molimba makamaka ikadali yozizira chifukwa pamenepo ndi pomwe aluminiyamu yafinya kwambiri. Musamayembekeze kuti ikhazikika yokha. Kukhazikika kulipo koma ndi kwa timanambala tochepa, bering'i yothina mopyola imangodzidya mpaka kutulutsa zitsulo mu oyilo zomwe zikawononge masinkro ndi mabering'i ena omwe analibe mlandu.

Yokhwepa imachedwa kudziwika koma imakwiyitsa. Kugunda kwa gu mukaponda ndi kusiya mafuta, giya kutuluka yokha mukasiya mafuta potsetsereka, ndodo ya magiya kumasuntha kutsogolo ndi kumbuyo yokha, masili a ma CV (majointi a mashafuti opita ku matayala) kudontha olo mwasintha kawiri chifukwa difu ikuvina. Koma musanatsitse giyabokosi onani kaye mamaunting'i a injini ndi a giyabokosi, ma CV ndi malinkeji a ndodo, zimenezi zimapanga zizindikiro zomwezo ndipo kuziona ndi kwa mphindi 10.

Kuti mudziwe shafuti yolira, imitsani galimoto injini ikulira ili pa nyutulo. Phokoso likamamveka kilatchi yosaponda n'kutha mukaponda, kayikirani shafuti yolowa kapena kauntashafuti (shafuti yam'mbali yomwe imazunguzidwa ndi yolowayo), chifukwa mukaponda zimaima. Likamabwera pomwe mwaponda, ndi release bearing, bering'i yokankha kilatchi, shimu ilibe nazo kanthu. Likamatsata liwiro la galimoto mosasamala kuti muli giya iti, olo mutaika nyutulo ikuyenda, ndi shafuti yotuluka kapena difu, apo ayi bering'i ya tayala, yomwe kulira kwake kumasintha mukakhota. Pa giyabokosi za galimoto zokankha ndi matayala akumbuyo zomwe giya 4 ndi yolunjika, phokoso lomwe likumveka magiya ena onse n'kuchepa pa 4 limaloza kauntashafuti kapena bering'i ya shafuti yolowa, popeza pa 4 mphamvu sidutsa m'mano a kauntashafuti.

Chenjezo limodzi kwa omwe giyabokosi yawo ili ndi crown wheel ndi pinion (giya yaikulu ya difu ndi kagiya kakang'ono koizunguza) mkati, ngati zija za injini yoima motalika ndi galimoto koma difu ili momwemo. Pamenepo mashimu a difu akugwira ntchito ziwiri, onse awiri kuphatikiza ndiye preload, kagawidwe kake kumanzere ndi kumanja ndiye backlash, kampata ka pakati pa mano a magiya awiriwo. Mukafuna kusintha backlash chotsani mbali imodzi n'kuwonjezera chomwecho mbali inayo, kuti kuphatikiza kwake kusasinthe. Ndipo shimu ya kuya kwa pinion musaikhudze pofuna preload, imeneyo ndi ya kagundidwe ka mano. Za otomatiki nazo zili ndi pulei yake yosinthidwa ndi mawasha osankha otchedwa thrust washer, imayezedwa pampu itamangidwa ndi gasiketi yake, kaganizidwe ndi komweko.

Mukamaliza n'kuikweza, oyilo woyamba musamusiye nthawi yaitali. Yendani makilomita mazana angapo mosathamanga, muzigwira kesi pafupi ndi mabering'i mukaima, kenako tsitsani oyilo mu beseni loyera muyang'ane maginito a pa bawuti yotsitsira. Kaphala kotuwa kosalala pakati pa zala ndi kabwinobwino pa zitsulo zatsopano. Tizidutswa tonyezimira tobaya chala ndiye marola kapena kapu yayamba kusupuka, imeneyo itsitseni isanatenge magiya, ndipo kapepala komwe munalemba manambala atatu aja ndi shimu yomwe munaika mukafune, muyambira pamenepo.